Mawa N'tsiku

Pa kabwalo ka ndege kaja panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankawaitana dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Mawantsiku, ndipo eni akewo ankavomera bwinobwino. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukabwera ndi kachikwama kako, mtima uli kale kumene ukupita, iwo ankatuluka m'shedi mosafulumira, n'kuyang'ana mitambo, n'kuyang'ana chithumba chosonyeza mphepo pamtengo paja, kenako n'kukuyang'ana iwe ngati wawabera nkhuku. Akatero unkadziwiratu chimene chikubwera: “Bwezani ndege m'shedi, achimwene. Mawa n'tsiku.” Ukati uwiringule, iwo ankakukumbutsa kuti kumwamba kulibe pokhotera kuti uime, utuluke, uone chavuta n'chiyani. Anthu ankanyinyirika, koma ndege ankabweza.

Kabwaloko sikanali koti n'kunyadira ayi. Msewu wa ndege unali wa kapinga, mitengo ya bulugamu ili ndandanda kumapeto kwake. Panali shedi imodzi ya malata, tindege tisanu, ndi kaofesi kokhala ndi ketulo, wayilesi ndi mipando itatu, umodzi wothyoka mwendo. Eni tindegeto anali anthu ouluka mwa kufuna kwawo, osati olembedwa ntchito: alimi awiri, mkulu wina womanga milatho, ndi mayi wina, dokotala wa ng'ombe. Kachisanu kanali ka a Mawantsiku, ka mipando iwiri, kakale koma kosamalidwa kuposa mwana. Iwowa anakonza mainjini zaka makumi atatu, ndipo atapuma pa ntchito sanadziwe kwina kopita m'mawa. Palibe anawasankha kuti akhale woyang'anira anzawo. Anangopezeka kuti ndege iliyonse isananyamuke, iwo ayamba ayizungulira, kugwedeza mapiko, kusinja matayala, kununkhiza mafuta.

Tsono pamalopa panali kalamulo kena kamene simungakapeze m'buku lililonse. Pansi pa phiko la ndege pamakhala kapaipi kakang'ono ngati chala. Kapaipiko kamamwa mphepo n'kumauza muvi wonga wa wotchi, wa m'kati mwa ndege, liwiro limene ndege ikuthamanga. Kakatsekeka, muvi umagona, ndipo woyendetsa sadziwa ngati akuthamanga mokwanira kuti ndege isagwe. Adani ake ndi mavu oumba dothi aja, amene akaona kabowo amayesa nyumba yomangidwa kale. Ndiye ndege ikaima, kapaipiko amakaveka kachisoti. Koma kachisoti nakonso ukakaiwala pomwepo n'kuuluka, palibe kusiyana ndi mavu.

Malemu akazi awo a Mawantsiku ndi amene anasoka tizisoti ta ndege zonse za pabwalopo, ta nsalu yofiira psuu, ta mchira wautali mkono wathunthu kuti tizioneka patali. Anthu ankangotitchula kuti tinsanza. Lamulo linali lakuti ukachotsa kansanza, ukwere nako m'ndege, ukakweze pawindo, munthu amene waima pansi akaone ndi maso ake, akweze chala chachikulu, ndiye ulize injini. Womanga milatho uja ankadandaula kuti akuwasandutsa ana a sukulu oonetsa zikhadabo kwa aphunzitsi. A Mawantsiku ankangoyankha kuti maso a munthu mmodzi amanama, a anthu awiri amachitirana manyazi.

Zaka zonsezo, munthu wapansi wa anthu onse anali iwo. Wapansi wawo anali akazi awo, amene ndege sankaikwera n'komwe, ankati iwo si mbalame, koma ankaima pakhomo pa shedi ndi ambulera yawo mpaka kansanza kaoneke. Atamwalira, ntchitoyo anaitenga mlongo wawo wa malemuwo, mlamu wawo wa a Mawantsiku, mwini sitolo ya misomali ndi utoto m'tauni. Naye anali ndi kandege kake kachikasu. Loweruka lililonse ankabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri, n'kumanyozana za katsikidwe, wina kunena mnzake kuti amatera ngati thumba la simenti logwa pa lole. Kunena zoona, Loweruka limenelo ndi limene linkawakokera a Mawantsiku kudutsa masiku ena asanu ndi limodzi aja.

Loweruka lina mlamuyo atangotera, anatsika, n'kuyenda mapazi atatu, n'kungoti khu pansi kuseri kwa shedi. Anatsitsimuka posakhalitsa, ndipo atafunsidwa mwamphamvu anaulula kuti aka kanali kachiwiri. Anagwira a Mawantsiku dzanja n'kuwapempha kuti zithere pompo, asauze munthu, apita yekha kuchipatala mwakachetechete. A Mawantsiku anayenda nayo nkhaniyo pamtima masiku awiri. Tsiku lachitatu analemba kalata ku ofesi yopereka ziphaso za oyendetsa ndege. Chiphaso cha mlamu chinalandidwa, kandege kachikasu kanagulitsidwa kwa anthu akutali. Tsiku limene mlamuyo anabwera kudzatenga katundu wake m'shedi, pakamwa pa a Mawantsiku panatuluka chimene panazolowera, kuti alamu musataye mtima, mawa n'tsiku.

Mlamu anaika fulasiki m'khwapa n'kuwayang'ana.

“Mawa lake liti, alamu?”

Panapita zaka zitatu chichokereni tsikulo, anthu awiriwa osapatsana ngakhale moni. Pabwalo napo zinthu zinasintha mosaonekera. Ulemu ankawapatsa ndithu, wochuluka kuposa kale, koma unali ulemu wopatsa galu wolusa. Akalowa mu ofesi nthabwala zinkazima. Munthu mutu ukamupweteka ankameza mankhwala m'galimoto asanalowe pageti. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma ndani amakonda kukhala pafupi ndi zikhadabo? A Mawantsiku ankaona zonsezi ndipo zinkawapweteka, koma sankadziwa kuti angazikonze bwanji popanda kunama. Akafuna kuuluka okha ankasankha pakati pa sabata, pabwalo pali zii. Popeza panalibe womuonetsa kansanza, anayamba kungokaika m'thumba la malaya la pachifuwa, ndipo asanalize injini ankasisita thumbalo. Akamva nsalu, basi, ulendo.

Kunyumba ndiye kosakamba. Makina osokera anali pakona chivundikirireni ndi nsalu ya patebulo. Kapu yotsukidwa inali imodzi, mbale imodzi, ndipo wayilesi inkalankhula tsiku lonse kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu. Nthawi zina ankayiyankha. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, namwino, wokwatiwa kuseri kwa mapiri uko. Pa ndege unali ulendo wa ola limodzi ndi theka, pa basi tsiku lathunthu ndi msana wothyoka. Mwanayo sankawada bambo ake ayi, kungoti anali wotanganidwa, ndipo foni zake zinkakhala zazifupi ngati za munthu amene mphika ukumupserera.

Lolemba lina mwanayo anaimba n'kunena kuti Lachinayi ndi Lachisanu akhala ali pa tchuthi, ababa abwere. Anawonjezera kuti mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kauza kale kalasi yonse kuti agogo ake akubwera ndi ndege ndipo akakweza kuti kaone denga la sukulu kuchokera kumwamba. A Mawantsiku anasita malaya Lachiwiri, ulendo uli Lachinayi. Lachitatu anatenga pilo wa pampando wa pabalaza n'kukamumangirira pampando wa kumanja m'ndege, kuti kamwanako kadzathe kusuzumira pawindo. Anakhala pamenepo kwa kanthawi, akuyeza ndi dzanja kuti mutu wake udzafika pati.

Panali kanthu kena kamene sanauze munthu, ngakhale wayilesi ija. Miyezi imeneyi tinthu tinayamba kuwapulumuka. Ketulo anaipsereza kawiri. Makiyi a galimoto anawafunafuna m'mawa wonse n'kukawapeza mufiriji, pambali pa mkaka. Mwezi wathawo analiza injini ya ndege atatseka mpopi wa mafuta, ndipo inakazima yokha asanafike n'komwe poyambira msewu. Panalibe amene anaona. Anadziuza kuti n'kutopa, munthu wosagona bwino amatero, n'kuikwirira nkhaniyo.

Lachinayi kunacha bwino, kumwamba kuli mbee, chithumba cha mphepo chili lende. Atafika anapeza dokotala wa ng'ombe uja watulutsa kale kandege kake kobiriwira, akuthamangira ku famu ina kumene ng'ombe zinkafa motsatizana. Mwa anthu onse a pabwalopo, mayiyu yekha ndi amene ankayesako kuwaseka a Mawantsiku pamaso, mwina poti anazolowera nkhunzi zolusa. Iwo anazungulira ndege yake monga mwa masiku onse. Anachotsa kansanza pa kapaipi n'kumupatsira m'manja. Kenako anatenga kabotolo kawo koonekera m'kati, n'kukhetsera mafuta pang'ono kuchokera pansi pa phiko, n'kukakweza padzuwa. Pansi pa kabotoloko panali timadontho ta madzi titatu, tikugubuduzika ngati mikanda.

Dokotala anagwira pakamwa. Anavomera kuti dzulo anathira mafuta a mumgolo umene unagona panja, ndipo lero anati angodumphako zoyezayeza poti nthawi yatha. A Mawantsiku sanamukalipire. Anakhetsa, n'kukhetsanso, mpaka mafuta anatuluka oyera, uku akumuuza kuti ng'ombe yodwala imadikira dokotala wochedwa, koma wakufa siimuona n'komwe. Mumtima anamva kukoma kumene ankakhalira moyo masiku amenewo, kodziwa kuti munthu uyu akagona kwawo lero chifukwa cha iwo. Anapukuta mafuta m'manja ndi kampango kawo koyera, n'kukalowetsa m'thumba la pachifuwa, maso ali pa matayala a ndegeyo.

Asanakwere, dokotala anaona kachikwama pafupi ndi ndege yawo ndi malaya ositidwa aja.

“Bambo, mukuuluka lero? Ndidikire pang'ono ndikuonereni kansanza.”

Abale, kunyada ndi matenda. Mawu amenewa palibe anawauzapo zaka zitatu, ndipo anawafika penipeni. Koma m'malo moti avomere, anaseka n'kunena kuti iwo anayamba kuvula tinsanza dokotalayo akuyamwa, athamange ng'ombe zikumudikira. Mayiyo anakweza mapewa n'kukwera. Anaonetsa kansanza kake pawindo, iwo n'kukweza chala chachikulu, ndipo kandege kobiriwira kanathamanga n'kukwera pamwamba pa bulugamu. Phokoso litatha, pabwalo panatsala iwo ndi mlonda wokalamba, wogontha khutu limodzi, amene ankatchetcha udzu kutali kumpanda uko.

Anakankhira ndege yawo panja. Anaizungulira, kugwedeza phiko, kusinja matayala, kukhetsa mafuta, zonse m'dongosolo lake. Anakwera, n'kumanga lamba, n'kusisita thumba la pachifuwa. Nsalu inalimo. Analiza injini.

M'mbali mwa msewu wa ndegewo, pakatikati pa utali wake, munali tayala lopakidwa laimu, limene anaika iwo omwe kalekale. Aliyense anamuphunzitsa kuti ukafika pa tayala loyera, diso pa muvi, ndipo ukapeza wagona, bweza moto, ponda mabuleki, zinazo mukakambirana mutaima. Tsiku limenelo tayala loyera linadutsa iwo m'maganizo ali kuseri kwa mapiri kale, akuganiza kuti kamtsikana kaja kadzakuwa bwanji matayala akadzasiya pansi. Pamene ankatsitsa maso, ndege inali itayamba kupepuka, bulugamu ali patsogolo pompa. Muvi unali phee pa ziro.

Anagogoda galasi lake ndi chala, koma sunasunthe. Anatembenuzira mutu kumanzere, pansi pa phiko, ndipo anakaona. Kansanza ka akazi awo kanali pomwepo pa kapaipi, mchira wake wofiira ukukupiza mumphepo ngati munthu wobayibitsa. Dzanja linapita lokha m'thumba n'kutulutsa kampango koyera konunkha mafuta.

Chimene chinawapulumutsa ndi manja, osati mutu. Manja aja anakana kukweza mphuno ya ndege mopitirira, ngakhale mitengo inkaoneka ngati ikwapula matayala. Makutu anamvetsera kulira kwa mphepo pachitseko, thako linamva kulemera kwa ndege pampando, zinthu zimene thupi linaphunzira zaka makumi anayi popanda kuuzidwa. Anadutsa pamwamba pa bulugamu, n'kuzungulira bwalo motakasa, osakhota mwamphamvu, n'kubwera kudzatera ndi liwiro lochulukirapo dala. Ndege inagunda pansi, n'kudumpha, n'kugundanso, ndendende thumba la simenti lija ankanenera mlamu wawo. Inakaima kutsala pang'ono kuti kapinga athe. Mlonda uja anadzutsa mutu, n'kuona kuti a Mawantsiku akuyesa ndege yawo monga amachitira, n'kupitiriza kutchetcha.

Anazimitsa injini. M'ndegemo munangotsala kulira kwa chitsulo chikuzizira, ndi mtima wawo.  Atatsika anavula kansanzako pa kapaipi, n'kusuzumira m'kabowo, n'kupeza muli bwinobwino. Ndege inalibe vuto lililonse. Kunali kukadali m'mawa, kumwamba kuli mbee, mafuta odzaza. Palibe anaona kansanzako.

Tisawanamizire ungwazi, anakweranso. Anamanganso lamba, kansanza kali pamwendo poonekera, dzanja lili pa kiyi. Anadziuza kuti kuiwala aliyense amaiwala, ngakhale dokotala uja m'mawa womwewu akanauluka ndi madzi. Anadziuza kuti kuyambira lero azisamala kawiri. Kenako, mwa chizolowezi cha munthu amene wakhala akufunsa anzake kuti tafotokozani, zinayamba bwanji, anadzifunsa yekha. Anabwerera m'maganizo pa kuzungulira kuja. Anadziona akufika pa phiko la kumanzere, akutambasula dzanja, akukoka kansanza, mpaka kukhakhala kwa nsaluyo anakumva pa zala. Ankakumbukira bwinobwino, akanatha kulumbira pamaso pa woweruza. Koma atayang'anitsitsa chithunzicho, phiko lake linali lobiriwira.

Apa ndi pamene mantha enieni anawagwira, oposa a pa bulugamu paja. Kuiwala ndi kwina. Uwu unali mutu wawo ukuwanamiza, kuwapatsa za ndege ya wina n'kumati ndi zako izi, wachita kale. Anadutsa pafupi ndi nsalu yofiira yotalika mkono wathunthu, maso ali tong'o, osaiona. Ndipo anamva mawu akunong'ona m'kati mwawo kuti zithere pompano, usauze munthu, upita wekha kuchipatala mwakachetechete. Anawazindikira mawuwo. Anali omwe aja a kuseri kwa shedi, kungoti lero ankatuluka ndi liwu lawo.

Anatembenukira kumanja. Pilo wa pabalaza uja anali pampando chimangirireni, akudikira mwini wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anachotsa dzanja pa kiyi.

Kubweza ndege m'shedi pamanja, wekha, kuchokera kumapeto kwa msewu, si ntchito ya munthu wa zaka zawo. Koma sanafune kulizanso injini, ndipo mlonda sanamuitane. Anakoka, kupuma, kukokanso, malaya ositidwa Lachiwiri aja atanyowa chapachapa kumsana. Atailowetsa anaika timitengo kumatayala, n'kumasula pilo uja, n'kumuika m'khwapa. Kapaipi anakakulunga ndi kampango koyera kaja, kansanza kofiira n'kukatenga.

Mu ofesi anakhala pampando wabwino n'kuimbira mwana wawo. Anakonzeka kumuuza zonse, koma anamupeza ali pamsika, phokoso lili pwirikiti, akukangana ndi wogulitsa. Anangokwanitsa kunena kuti pa ndege sabwera, akwera basi ya mawa m'mamawa. Mwanayo anawerengera mofulumira kuti ndiye kuti adzafika Lachisanu madzulo, pamene iye Loweruka akulawirira ku ntchito, phindu lake n'chiyani kudzithyola msana chifukwa cha usiku umodzi. Sanafunse kuti ndege yatani. Anazolowera kuyambira ali mwana kuti bambo ake akati lero ayi, ndiye kuti kwinakwake kuli mtambo.

“Musadzivute, ababa,” anatero akuseka. “Si inu nomwe mumanena? Mawa n'tsiku.”

Chapatali anamva kamawu kakufunsa ngati agogo anyamuka kale, kenako foni inaduka. A Mawantsiku anaika foni pansi. Mawu akuti mawa n'tsiku anawagawira anthu zaka makumi awiri ngati mankhwala, osawalawako. Lero anawalawa, ndipo anali owawa zedi. Analira pang'ono, kulira kouma kwa munthu wamkulu amene alibe womuona, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa pepala.

Adiresi ya ofesi ya ziphaso ankaidziwa pamtima. Kalatayo inali yaifupi kuposa ya mlamu ija. Analemba za mpopi wa mafuta, za kansanza, za tayala loyera, n'kupempha kuti chiphaso chawo chiimitsidwe mpaka madokotala awaone, ngakhale ankadziwa bwino kuti pa msinkhu wawo chikapita chapita. Anasaina, n'kumata envulopu. Pa bolodi la pakhoma analembapo ndi choko kuti ndege ya mipando iwiri isagwidwe, n'kutseka ofesi.

Positi ofesi anaidutsa kawiri. Ulendo woyamba anati palibe poimika galimoto. Wachiwiri malo analipo, koma phazi linakana kuponda buleki. Anadzimvera chisoni ndi manyazi pamodzi, poona kuti munthu amene anaponya kalata ya mnzake dzanja osanjenjemera akulephera kuponya yake. Anakhotera mumsewu umene anakhala akuuzemba zaka zitatu, wodutsa kuseri kwa malo okwerera basi, n'kukaima pa sitolo ya misomali ndi utoto.

M'katimo munali monga kale, fungo la utoto ndi mphira, mawaya atapachikidwa kudenga, sikelo yakale pakauntala. Mlamu anali atakalamba, tsitsi lonse mbuu, magalasi ali pamphuno, akuyezera mmisiri wina misomali. Atakweza maso n'kuona amene walowa, dzanja linaima m'malere. Sanapereke moni. Anafunsa, ngati akufunsa mlendo, kuti akufuna chiyani, utoto kapena loko.

A Mawantsiku analowetsa dzanja m'thumba la pachifuwa, n'kutulutsa kansanza kofiira, n'kukakweza m'mwamba momwe amakwezera pawindo. Mlamu anakazindikira nthawi yomweyo. Kasokedwe ka mlongo wake sakanakasokoneza ndi ka wina.

“Ndauluka nako lero kali paphiko, alamu. Ndinalibe womuonetsa.”

Anafotokoza zotsalazo mwachidule, ataimirira, osadzichepetsera mlandu: za ketulo, za mpopi, za phiko lobiriwira, za pilo wa mdzukulu. Kenako anaika envulopu pakauntala, pambali pa sikelo, n'kunena kuti positi ofesi aidutsa kawiri, ndipo akaitenganso okha aidutsa kachitatu. Mlamu anawerenga adiresiyo, milomo ikuyenda. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Ananena motsitsa mawu kuti zaka zitatu wakhala akulota tsiku limeneli, kuti likadzafika adzaseka mpaka anthu a kumalo a basi adzabwere kudzaona. Anati anasunga ngakhale mwambi woti adzawaponyere, uja wa chaona mnzako chapita. Ndiye taonani, tsiku lafika, kuseka kwake kukukana.

“Funso lanu lija ndabwera nalo yankho,” anatero a Mawantsiku. “Munandifunsa kuti mawa lake liti. Kulibe, alamu. Ndinakunamizani. Kalata ija ndikanailembabe, koma mawu aja sindikanayenera kukuuzani.”

Mlamu anavalanso magalasi ake. Anatenga envulopu ija n'kuilowetsa m'thumba lake la pachifuwa, n'kumanga batani.

Nthawi yomweyo kunamveka kulira chapatali, kochokera kumpoto, kukukula pang'onopang'ono. Kanali kandege ka dokotala wa ng'ombe, kakubwerera. Onse awiri anadziwa osafunsana. Anakweza mitu pamodzi n'kumayang'ana kudenga, kumene kunalibe chilichonse koma malata ndi mawaya olendewera, akutsatira phokosolo ndi maso kuchokera pakona ya utoto mpaka pamwamba pa chitseko. Mmisiri uja nayenso anayang'ana kudengako, n'kusowa chimene akuluakuluwa akuona, n'kuyamba kugogoda pakauntala ndi msomali.

Phokoso litazimiririka, a Mawantsiku anafunsa, maso akadali m'mwamba, ngati zimenezi zimatha, zomayang'ana kudenga.

“Sizitha,” anatero mlamu. “Khosi limangozolowera.”

Anakankha kampando ka kuseri kwa kauntala ndi phazi mpaka kanatulukira mbali imene anaima a Mawantsiku, kenako anabwerera pa sikelo n'kufunsa mmisiri uja kuti paja anati misomali ya mainchesi angati. A Mawantsiku anakhala pansi, kansanza kali pamwendo.